Nyanga ya Nsatsi Idakwera Mtengo

Akuluakulu akale anati mwana akalirira nyanga ya nsatsi, msemere, imufotere yekha. Ankanena mosaopa chifukwa nsatsi zinkangomera zokha kuseri kwa khola, mpeni unali m'thumba, ndipo phesi lake likangoona dzuwa limafota. Mwana ankaphunzira, kholo osatayapo ngakhale tambala. Amene anapeka mwambiwu sanagulepo petulo.

Nyanga za ana a masiku ano amaziona pa foni. Kwa mlamu wanga ku Blantyre, ana ake awiri, wamkulu wa Sitandade 2 ndi wamng'ono wa kusukulu ya mkaka, anaonera katuni ya banja likugona mu tenti kutchire. Kuyambira tsikulo nyimbo inali imodzi, m'mawa ndi madzulo: "Adadi, nafenso tikagone mu tenti." Bambowo anakanako ndithu, koma kukana kwake kunali kofewa moti mayi a anawo anazindikira msanga kuti wolirira nyanga weniweni m'nyumbamo ndi wandevu. Mnzake wa kuntchito anali ataika zithunzi pa Facebook ali pamwamba pa phiri la Zomba, kapu ya khofi m'manja, nkhungu kumbuyo, ndipo mlamuyo ankazitsegula kawirikawiri kuposa Baibulo.

Agogo atamva nkhaniyi anaimba foni kuchokera kumudzi. "Kodi a landilodi akutulutsani?" Ayi, amayi. "Nanga kwagwa zovuta?" Musawaseke, kwa iwo tenti imakhomedwa pamaliro kapena pamsonkhano wa chitsitsimutso. Atawafotokozera kuti n'kukapitidwa mphepo chabe, anakhala chete kanthawi, kenako anati: "Ife tinkagona mumsasa kumunda kulinda anyani, osalipira munthu. Inu sukulu yonse ija munkaphunzirira kukagona pansi?"

Loweruka m'mawa, tsiku la ulendo wa kuphiri la Zomba, galimoto inadzaza: mbaula, thumba la makala, ufa, mapoto, mthiko, ndowa, zofunda, chidole chimene wamng'ono sagona popanda icho. Mayi wa nyumba yoyandikana nayo anabwera kudzafunsa mwaulemu ngati nyumbayo ikhale ya lendi, poti ali ndi m'bale wake akusaka pokhala.

Kuchoka m'tauni ya Zomba, likulu lathu lakale mpaka 1975, msewu wokwera phiri umakhotakhota mokwanira kuti mwana wa zaka zitatu abweze phala lonse la m'mawa. M'njiramo ankakumana ndi anyamata akutsetsereka ndi njinga zosanjikiza nkhuni mpaka kupitirira mutu, ndi amayi atasenza mitolo. Phiri lonse likutsitsa nkhuni, mlamu wanga yekha akukweza makala. Ogulitsa sitiroberi ndi magalagadeya atangoona ana pawindo anadziwa kuti tsikulo lawayendera, ndipo ndalama yogulira ndiwo za Lamlungu inathera pamenepo.

Tenti ija anaigula pa kaunjika, ndipo wogulitsa analumbira kuti zonse zili momo. Kapepala ka malangizo kanalidi momo, m'Chijeremani. Zikhomo zinalipo, zingwe zinalipo, koma mzati umodzi unatsala ku Ulaya. Bambo anazungulira chinsalucho akutuluka thukuta, ana akuthandiza mwa njira yawo, ndiye kuti kulowa m'kati ndi kubisa zikhomo. Pomaliza nzeru inabwera: mthiko. Anaumangirira ku kamtengo kowuma, tenti n'kuimadi, yopendekeka koma yoima, bambo n'kuijambula kumbali yabwinoyo.

Vuto linadza madzi atawira. "Bambo a ana, mthiko." "Mayi, mthiko uli pantchito." "Ndiye musankhe, nsima kapena nyumba." Funso limeneli makolo athu sanakumanepo nalo, ndipo palibe mwambi wolithetsa. Chimene chinachitika n'chakuti munthu wamkulu, wokhala ndi digiri ndi ngongole ya kubanki, anagwada mu tenti atachirikiza denga ndi mutu mpaka nsima itapsa, mthiko utatsukidwa n'kubwerera paudindo wake.

Ndiye kunada. Apa pafunika kunena kuti mlamu wangayu magetsi akazima kwa ola limodzi amalemba madandaulo aatali pa gulu la WhatsApp la m'dera lawo. Usiku umenewo anali atalipira mafuta, malo ogona ndi tenti kuti akhale mumdima woposa wa kwawo, ndipo anauza ana kuti uwu ndiye mtendere. Unali mwezi wa July. Phiri la Zomba pansonga pake limapitirira mamita 2,000, ndipo chiperoni chikabwera sichifunsa kuti zofunda mwatenga zingati. Munthu wozolowera kuti Blantyre ndiko kozizira amaphunzira kumeneko kuti ankangonamizidwa.

Matiresi opopa anayamba kuphwa cha m'ma 10 koloko, mwakachetechete, moti pofika pakati pa usiku banja lonse linali litadziwana ndi mwala uliwonse wa pansi pawo. Kenako mafunso. "Adadi, chikulira n'chiyani?" Ndi kadzidzi, gona. "Amami anati kadzidzi akalira ndiye kuti…" Ndi chule, gona. "Adadi, mkodzo." Chimbudzi chili kutali, tochi ili pansi pa wina amene wangogona kumene, zipi ya tenti yaluma nsalu. Atangobwerako, wamng'ono nayenso: "Inenso." Anafunsidwa mphindi zisanu zapitazo, anakana. Tambala asanalire, mayi ananyamula mwana ndi bulangete lokhuthala n'kukadzitsekera m'galimoto, osatsanzika.

Kutacha, anyani anafika. Sanachite phokoso. Wamkulu wawo anayenda bwinobwino mpaka pamkeka, anatenga buledi yense, n'kukakhala pamwala kumasula pepala mwaluso la munthu amene waonapo alendo ambiri a ku Blantyre. Agogo akanakhalapo bwenzi buledi atapulumuka, poti ntchito yolinda anaiphunzira bwino, koma mwana wawo anangoima ndi foni akujambula kadzutsa wake akupita.

Tsopano mwambi uja umati nyanga ifotere mwana. Taonani amene inamufotera. Bambo khosi louma, msana wopindika, maso ofiira. Mayi sakuyankhula ndi munthu. Koma ana, eee, ana anali pachikondwerero. Makolo awo anawatengera ku mathithi a Williams, anabwerako atanyowa mpaka m'makutu. Anawakweza ku Emperor's View, pamene anaimapo mfumu Haile Selassie ya ku Ethiopia, n'kuwalozera nyanja ya Chilwa ndi phiri la Mulanje chapatali. Iwo anapatsa msana zonsezo n'kugwada pansi kuonerera bongololo. Kwa iwo ulendo wonse unali bongololo, nyani wakuba buledi, ndi adadi atasenza nyumba pamutu, nkhani imene wamkuluyo analonjeza kukafotokozera aphunzitsi ndi kalasi yonse.

Ine ndimaona kuti akale ankadziwa ana, koma sanaganizire za kholo limene limasema nyanga n'kulowamonso lokha. Wosema wakale ankapereka nyanga n'kubwerera pakhonde kukafwenkha fodya wake. Wa lero amayendetsa galimoto, kukhoma zikhomo, kuperekeza kuchimbudzi, ndipo phunziro likafika limapeza mwana ali m'tulo tofa nato, n'kugwera amene ali maso. Potsika phiri ana anali atayamba kale kulirira ina: Liwonde, chifukwa wina anawauza kuti kumeneko mvuu zimatuluka mu Shire usiku n'kumadya udzu pafupi ndi matenti. Mayi anangoti, "Mukapite ndi adadi anu."

Lolemba ku ofesi mlamu wanga analowa akuyenda chammbali, khosi losatembenuka, n'kuuza aliyense kuti sanapumepo chonchi chibadwire. Zithunzi zinali kale pa Facebook, zojambulidwa kumbali yabwino ija. Pofika masana, mnyamata wina wa ku akaunti, wa ana atatu, anabwera kudzabwereka tenti. Mlamu anamubwereka ndi manja awiri, n'kumulangiza kuti July ndiye mwezi wabwino. Za mzati sanatchuleko.