Tsiku limene mfuti ya malume inawombera kumbuyo

Kwathu kuno mwamuna aliyense ndi makaniko, bola akhale ndi sikuludiraiva m'manja. Ine ndiye ndimaposa onse chifukwa ndili nazo ziwiri, ngakhale inayo ndi mpeni wakukhitchini wothyoka nsonga.

Ukatswiri umenewu ndi umene unandilimbitsa mtima kuti ndikonze mfuti ya mpweya imene malume anandisiyira. Ndi BSA Meteor, mtundu umene anayamba kupanga ku Birmingham mu 1959, ndipo malumewo anabwera nayo kuchokera ku Joni pamodzi ndi wailesi ndi chijasi. Mfuti yotere sifuna onga. Ukaipinda pakati, pisitoni imabwerera m'mbuyo n'kufinya sipuling'i. Ukakoka kowombera, sipuling'i imakankha pisitoni, pisitoni imapanikiza mpweya, mpweyawo n'kutulutsa kachipolopolo ka mtovu ka mamilimita 4.5.

Koma yathuyi inali itatopa. Ndikawombera chitini, kachipolopolo kankangogogoda mwaulemu ngati mlendo wonena odi. Akhwangwala otha anapiye athu akandiona ndanyamula mfuti ankachita kusendera pafupi kuti aonerere bwino.

Aneba, amene ndi kalipentala, anati sipuling'i imafooka mfuti ikamakhala yokokedwa nthawi yaitali, ndipo imaonongeka ukamawombera mulibe chipolopolo, chifukwa pisitoni imakamenya chitsulo popanda mpweya woichinga. Ndinawayankha kuti zonsezo ankachita ndi malume. Ubwino wa omwalira ndi woti satsutsa.

Sipuling'i yatsopano itafika ndi alamu anga a ku Joni, aneba anabweranso. "Achimwene, musatsegule kumbuyoko ndi manja okha. Sipuling'i ndi yaitali kuposa malo ake, anachita kuikanikiza poiika. Ngakhale mfuti isanakokedwe, iyo imakhala ikukankhabe. Tengani chopanira matabwa changachi, muzimasula pang'onopang'ono."

Ndinaseka. Sipuling'i yolephera kuboola chitini ingamutani munthu wodya nsima mitanda inayi?

Ndinaonetsetsa kuti mfuti ndi yosakoka ndiponso mulibe chipolopolo, n'kuchotsa thabwa lake. Kumbuyo kwa mfutiyo kuli kachitsulo kopingasa kamene kamatsekereza zonse. Ndinalowetsa kapaipi kodula mphanda, n'kutsamirapo ndi mimba yanga yonse, kachitsuloko n'kutuluka mosavuta. Ndinacheuka kuti ndione ngati mayi a kunyumba aona luso limeneli. Kapaipi kanaterereka.

Phwaa! Chinthu chinandidutsa pakhutu, chinakamenya malata a pakhonde, n'kugwera m'lichero la ufa. Nkhuku zinabalalika, galu anathawira kwa aneba, ine ndinapezeka ndakhala pansi bwinobwino, sindidziwa kuti ndinakhala nthawi yanji. Kwa zaka zambiri mfutiyo inali isanawombepo mwamphamvu chotero, kungoti inawombera kumbuyo.

Mayi a kunyumba anaitola sipuling'iyo ndi zala ziwiri, ili mbuu ndi ufa. "Bambo a ana, kodi khwangwala wake ndinu?"

Akulu anati mutu umodzi susenza denga. Wangawu unatsala pang'ono kusenza sipuling'i, choncho ndinawalola aneba kuti abwere adzaphunzire ntchito kwa ine. Titaika masipuling'i awiriwo pamodzi, yakaleyo inali yaifupi ndiponso yokhota. M'kati mwa mfuti munali girisi wouma gwaa, amene tinachita kupala ndi kamtengo kokulunga nsanza.

Ndinapita kukatenga oilo wa injini kuti ndithiremo wokwanira, poti ine si munthu woumira. Aneba anandigwira mkono. Anati mpweya ukapanikizidwa mwadzidzidzi umatentha kwambiri, ndiye oilo akakhala kutsogolo kwa pisitoni amayaka monga zimachitikira mu injini ya dizilo. Mfuti imaphulika, kutuluka utsi, ndipo sipuling'i yatsopanoyo ikhoza kuthyoka. Chofunika ndi girisi wakuda wa moly, wongopaka pang'ono pa sipuling'i ndi m'mbali mwa pisitoni, kutsogolo ayi. Ndinawauza kuti ndimangowayesa, ndipo akhoza.

Pobwezera tinagwiritsa ntchito chopanira chija. Aneba ankapotokola pang'onopang'ono mpaka mabowo analunjikana, kachitsulo kopingasa n'kulowa. Ine ndinkayang'anira ntchito yonse ndili kuseri kwa mtengo wa mango, chifukwa woyang'anira amafunika kuona patali.

Tsopano mfuti yachira. Aneba akawombera, chitini chimabooka mbali zonse ziwiri. Mwana wawo wamkazi wa Fomu 2 akawombera, chimodzimodzi. Ndikawombera ine, chitini sichigwedezeka n'komwe, koma ndowa ya mayi a kunyumba, imene inali chapatali ndithu, yayamba kudontha.

Apa ndiye pamene pali vuto. Kale ndikaphonya, mudzi wonse unkadziwa kuti wolakwa ndi sipuling'i, ndipo anthu ankandimvera chisoni kuti mlenje wabwino akuvutika ndi chida chotha. Lero mboni yanga ija ili pa dzala. Dzulo ndinawafunsa aneba, mongocheza, ngati yakaleyo ingathe kubwereramo. Anati n'zotheka, koma chopanira chawo abwereketsa kutali.