Kodi Gradius mumaikonderanji?

Inu amene mumaidziwa bwino gemu ya Gradius, ndithandizeni nzeru, ine mutu waima. Zanga zinathera pa Space Impact ya mu foni ya Nokia 3310, ndiye mukundiuza kuti kameneko n'kamdzukulu chabe, mwa agogo ake muli Gradius yomwe kampani ya Konami ya ku Japan inatulutsa mu 1985. Kachombo kamodzi, Vic Viper, kakuuluka kulowera kumanja, adani akuchokera komweko. Apo ndamva. Chondizunguza ndi zokamba zanu, poti mumati gemuyi ndi yankhanza, pakamwa pomwepo n'kunenanso kuti palibe ina yokoma ngati iyo.

Nkhanza zake akuti zili motere. Chombo chimayamba chaulesi, kamfuti kamodzi. Adani ena ukawapha amagwetsa timibulu, ndipo kalikonse kamene watola kamasuntha chizindikiro pa mzere wa pansi pa sikirini: liwiro, mizinga, mfuti yolasa mbali ziwiri, laser, kenako Option, kampira kowala kokutsata pambuyo kamene kamawombera iwe ukawombera, kumapeto chishango. Umasankha wekha, kutenga chapafupi kapena kupirira mpaka chakutali. Izi zokha ndazikonda, ngakhale ndamva kuti wadyera liwiro amakadzimenyetsa yekha kukhoma. Koma chishango chikatha, kachipolopolo kamodzi kakangokukhudza, zonse zija zapita. Amakubweza m'mbuyo pang'ono uli chimanjamanja. Tsono ngati pamalopo panakukanika uli ndi laser ndi ma Option anayi, upadutsa bwanji ndi kamfuti kaja? Ena mumati m'pomwe katswiri amadziwikira. Ena mumati mukafa kamodzi mumangoyambiranso pachiyambi penipeni. Nanga miyoyo inayo amakupatsirani chiyani?

Pepani ngati ndikulakwa. Paja Gradius inayambira m'makina oponyamo ndalama yachitsulo? Ndiye kuti wosewera akafa msanga, ndalama ina imalowa msanga. Kodi kulimba mukukutamandaku sikunali kadyedwe ka mwini makina?

Pali nkhani ya Kazuhisa Hashimoto, yemwe anamwalira mu 2020. Iyeyu ndi amene ankasamutsira Gradius pa Famicom ya Nintendo mu 1986, ndipo poiyesa inamulimbira. Anabisamo njira yachidule: m'mwamba kawiri, pansi kawiri, kumanzere, kumanja, kumanzere, kumanja, B, A, chombo n'kupezeka chili ndi zida. Gemu inapita kumsika njirayo ili momwemo, ndipo lero dziko lonse limaidziwa kuti Konami Code. Wophika akalephera yekha kudya ndiwo zake chifukwa cha tsabola, ife alendo tiziti waphika bwino? Chinanso, mwana akadina mabatani amenewa mumati wabera. Wabera ndani, poti anawaikamo ndi mwini ntchito?

Za mitu yamiyala ya ku Easter Island, ma Moai, yomwe m'gemuyi imalavula mphete mumlengalenga, sindifunsa zambiri. Inafikako bwanji? Palibe amene wandiyankha, onse amangoti Gradius yopanda Moai si Gradius.

Koma iyi yokha ndiifunsitsa. Gradius III itafika pa Super Nintendo, makina ankalemedwa, adani akachuluka zonse zinkayenda pang'onopang'ono ngati zatopa. Anthu anadandaula zaka ndi zaka kuti ndi chilema. Mu 2019 katswiri wina wa ku Brazil anachikonza, gemu n'kuyamba kuthamanga bwinobwino. Apo anthu anatulukira kuti kuchedwa kuja n'kumene kunkawapatsa mpata wozemba zipolopolo, ndipo ena mpaka pano amakonda yachilema yomweyo. Ndiye pa zaka zonse zija, ankapambana anali wosewera kapena makina otopawo? Ndipo yeniyeni ndi iti, yolemedwa imene munakulira kapena yokonzedwa imene ikukugwetsani?

Mapeto akenso ndi odabwitsa. Wavutika njira yonse, wadutsa mapiri ophulika moto, wathana ndi zombo zikuluzikulu zoti uzilase pakati penipeni, ukafika kwa mdani wamkulu wa Gradius yoyamba umapeza ubongo uli phee, wosabwezera n'komwe. Ena mumaseka, mumati amenewo ndi malipiro a munthu wotopa. Ena mumati okonza nzeru zinawathera. Ine ndikanaganiza kuti gemu yawonongeka.

Mwina yankho lili m'zala, wongoonerera ngati ine sangalimve. Komabe amene munaimalizapo popanda mabatani a Hashimoto, ndiuzeni chimodzi chokha: tsiku limene munafa muli ndi zida zonse, n'chiyani chinakuletsani kuzimitsa n'kukagona?