Kaundula wa pakhomo, Navajo Nation, kuyambira Malichi 2020

Eni kaundula: banja lina la a Diné, amene akunja amawatchula kuti Navajo, kufupi ndi Chinle, kumpoto chakum'mawa kwa Arizona ku America. Keyala palibe. Msewu wofika pakhomo pano ulibe dzina, ndipo makalata amakatengedwa ku positi ofesi. Dziko la Navajo Nation ndi lalikulu kuposa theka la Malawi, muli anthu pafupifupi 170,000, ndipo mu 2020 masitolo akuluakulu a zakudya analipo 13.

Odya pakhomo: agogo aakazi, eni nkhosa ndi eni malo monga mwa mwambo wa kuno, mwana wawo wamkazi ndi mkamwini, malume, adzukulu atatu. Onse pamodzi 7.

Katundu potsegula buku: nkhosa, pikapu imodzi yokalamba, migolo iwiri ya malita 200, wailesi ya mabatire, mbaula ya nkhuni, chowombera nsalu cha agogo. Mpopi palibe, monga m'nyumba imodzi mwa zitatu zilizonse kuno. Magetsi palibe, monga m'nyumba zina pafupifupi 15,000.

MALICHI 2020

Zolowa

Langizo loyamba la boma: sambani m'manja ndi sopo kwa masekondi 20, pafupipafupi. Lafika pa wailesi ya KTNN, m'Chinavajo ndi m'Chingerezi. Mtengo: ulere.

Langizo lachiwiri: wodwala agone m'chipinda chayekha. Mtengo: ulerenso.

Zotuluka

Sopo: wagulidwa.

Madzi osambira sopoyo: mafuta a pikapu kupita ku mpopi wa ku ofesi ya dera ndi kubwerera, mzere wa magalimoto, ndiponso m'mawa wonse wa munthu mmodzi. Munthu wamba ku America amatha malita oposa 300 patsiku payekha. Kuno mgolo wa malita 200 ndi wa anthu 7, wakumwa, wophikira, wotsukira mbale, wochapira, ndipo ana a nkhosa amamwako. Tagwirizana kuti madzi a m'beseni limodzi asambe anthu angapo motsatizana. Malita tapulumutsa. Ngati kusamba kotere n'kumene a pa wailesi ankanena, sitinawafunse.

Madzi a pachitsime cha ziweto: ulere, ndipo ali pafupi. Palibe amene amawayeza. Pakati pa 1944 ndi 1986 makampani anakumba matani pafupifupi 30 miliyoni a miyala ya yureniyamu m'dziko lino, n'kusiya migodi yoposa 500 yosakwirira bwino. Agogo aamuna anakumbako ali mnyamata. Mapapo awo analembedwa kale m'buku lina.

Chipinda chayekha cha wodwala: sichinagulidwe. Nyumba ya agogo ndi yozungulira, ya chipinda chimodzi, khomo lake loyang'ana kum'mawa.

Chakudya cha masana cha ana atatu, chimene kale ankadya kusukulu: chabwerera pa mbale ya pakhomo, poti sukulu zatsekedwa. Ufa wa tirigu wa Bluebird ukutha msanga.

Pa 17 Malichi anapeza wodwala woyamba, wa ku Chilchinbeto.

EPULO 2020

Zolowa zoyembekezeka

Pa 27 Malichi pulezidenti Donald Trump anasayina lamulo la CARES Act. Mmenemo muli madola 8 biliyoni a maboma a mafuko oyamba a dziko la America, oti aperekedwe pasanathe masiku 30. Zafika pofika pa 30 Epulo: 0. Unduna wa zachuma wa a Steven Mnuchin unaona kuti makampani a anthu a ku Alaska nawonso ayenera kugawanako, mafuko angapo kuphatikizapo Navajo anakasuma, nkhani inalowa m'khoti. Kachilombo sikanaitanidwe ku mlanduwo, choncho sikanadikire.

Zolowa zenizeni

Ndalama za buledi wokazinga ndi nyama ya nkhosa zimene amayi amagulitsa m'mbali mwa msewu: 0. Misika yatsekedwa.

Ndalama za alendo odzaona Canyon de Chelly, ogula mikanda ndi nsalu: 0. Chigwacho chatsekedwa.

Malipiro a malume: 0. Izi si za mliri. Mgodi wa malasha wa Kayenta unatsekedwa mu Ogasiti 2019.

Zotuluka

Maola 57 pa sabata. Kuyambira pa 10 Epulo, boma la Navajo Nation la pulezidenti Jonathan Nez lalamula kuti aliyense akhale pakhomo kuyambira Lachisanu 8 koloko usiku mpaka Lolemba 5 koloko m'mawa. Wogwidwa panjira akhoza kulipira chindapusa chofika madola 1,000, kapena kukhala m'ndende masiku 30. Lamuloli pakhomo pano sitikulitsutsa. Tingolemba kuti migolo iyenera kudzazidwa Lachisanu lisanade, ndipo aliyense m'dera lino waganiza chimodzimodzi, ndiye mzere wa Lachisanu ndi wautali ndipo anthu ake ndi omwewo amene akuuzidwa kuti asaunjikane.

Sukulu ya pa intaneti: ulere, atero aphunzitsi. Netiweki imagwira pamwamba pa chitunda. Mafuta okwerera chitundacho, ndi ena osiya injini ikulira kuti foni itchaje: alipiridwa ndi pakhomo. Wamkulu amaphunzira pampando wa dalaivala, wachiwiri pambali pake, wamng'ono amadikira kuti batire litsale.

MEYI 2020

Zotuluka

Ulendo wa ku Gallup: walephereka. Pa 1 Meyi bwanamkubwa wa New Mexico, mayi Michelle Lujan Grisham, anatseka misewu yolowera mumzindawo pogwiritsa ntchito lamulo lothana ndi zipolowe. Zipolowe panalibe. Linali tsiku loyamba la mwezi, pamene macheke a okalamba amafika ndipo mabanja a kuno amakagula zakudya za mwezi wathunthu. Zakudyazo tagula kufupi, pa mtengo wa kufupi.

Kutsokomola kwa agogo: masiku oyamba tinati ndi utsi wa mbaula.

Ulendo wa kuchipatala: mafuta. Pakhomo la chipatala analowa okha, mkamwini anatsala mu pikapu.

Ndege yowatengera ku Phoenix, poti mabedi a odwala kwambiri kuno anadzaza: sitinalipire. Unali ulendo wawo woyamba wa pandege. Womasulira: mdzukulu wamkulu, pa foni, pamwamba pa chitunda chija, chifukwa agogo Chingerezi sankachifuna ndipo kumeneko Chinavajo sankachidziwa. Mayunitsi: ambiri.

Zolowa

Mbiri. Pakati pa mwezi uno Navajo Nation yaposa New York pa chiwerengero cha odwala poyerekeza ndi kuchuluka kwa anthu. Atolankhani afika ndi makamera, ajambula migolo. A Doctors Without Borders, amene amadziwika ndi ntchito ya m'maiko a nkhondo, atumiza gulu lawo kuno, m'kati mwa dziko lolemera kuposa onse. Ndalama zolowa m'thumba kuchokera ku mbiriyi: 0.

Cheke cha boma la America: madola 1,200 munthu wamkulu, 500 mwana. Chafika pa positi mochedwa poti akaunti ya kubanki palibe. Dzina la pulezidenti Trump lasindikizidwa pa chekepo, popanda ndalama yowonjezera.

Madola 600 miliyoni a CARES Act afika ku Window Rock, likulu la Navajo Nation, sabata yoyamba ya mwezi uno. Pakhomo pano sitinawaone, koma tawamva pa wailesi.

Katoni ya zakudya, sopo ndi masiki kuchokera ku thumba lothandiza mabanja a Navajo ndi Hopi limene mayi Ethel Branch anayambitsa. Ena mwa opereka ndi anthu a ku Ireland. Iwo akuti akubweza ngongole: mu 1847, njala itavuta kwawo, fuko la Choctaw linasonkha madola 170 n'kuwatumizira. A Choctaw ndi fuko lina, la kutali ndi kuno, ndipo ife sitinasonkhe nawo. Wolemba bukuli wafufuza masamba onse, ndipo iyi ndi ngongole yokhayo imene yabwezedwa ndi chiwongoladzanja, popanda wokumbutsa, kwa anthu amene sanakongoze n'komwe. Katoniyo talandira.

JUNI 2020

Zotuluka

Kubweretsa thupi kuchokera ku Phoenix, bokosi, ndi ntchito ya osunga maliro a m'tauni: nkhosa zingapo zagulitsidwa mofulumira, ndipo wogula anadziwa kuti tikufulumira.

Chakudya cha olira: 0. Pamanda analola anthu ochepa okha, achibale ena anaima patali m'magalimoto awo, magalasi otseka. Mwa maliro onse amene banja lino lachitapo, awa ndi amene atha ndalama zochepa pa chakudya.

Dzina la agogo silinalembedwe pano. A Diné ambiri satchula dzina la munthu amene wapita.

Katundu wochotsedwa m'buku: cheke chawo cha mwezi ndi mwezi, chimene chinali ndalama yokhayo yodalirika pakhomo; nyimbo za nkhosa ndi mapemphero a m'bandakucha, amene amayi amadziwa theka lake; mayina a zitsamba zonyikira ubweya; Chinavajo cha tsiku ndi tsiku cha mdzukulu wamng'ono, amene ankayankhula ndi agogo okha. Nsalu yotsala pa chowombera: yosamaliza, ndipo ogula nsalu sagula yosamaliza. Mtengo wake m'buku: 0.

Odya pakhomo: 6. Mgolo ukukhalitsa pang'ono.

JULAYE MPAKA DISEMBALA 2020

Ndalama zonse za CARES Act zofika ku Navajo Nation zakwana madola pafupifupi 714 miliyoni. Lamulo likuti zithe pofika pa 30 Disembala, apo ayi zibwerere ku Washington. Mapaipi amene sanayalidwe m'zaka 150 ayalidwe m'miyezi yosakwana 8, m'dziko la miyala, mliri uli mkati. Kaundulayu sakondera: ku Window Rock nakonso nyumba ya malamulo ndi pulezidenti anatha masabata akukokana pa kagawidwe kake. Nyumba zina zinalandira magetsi, zina matanki a madzi. Ino sinali pa mndandanda. Pa 27 Disembala, kutatsala masiku atatu, Washington inawonjezera nthawi ndi chaka chathunthu, ndalama zambiri za ntchito zosamalizika zitasamutsidwa kale kupita ku thumba la macheke.

Voti ya pa 3 Novembala: mafuta. Joe Biden anapambana Arizona ndi mavoti osakwana 11,000, ndipo madera a Navajo anamuvotera kwambiri. Zolowa: mawu othokoza.

Nkhuni za nyengo yozizira: zagulidwa. Kale malume ankabweretsa malasha a ku Kayenta. Malasha omwewo ankayendetsa fakitale ya magetsi ya Navajo Generating Station, kufupi ndi Page, imene inatsekedwa mu Novembala 2019. Magetsi ake ankapopa madzi a mtsinje wa Colorado kupita ku Phoenix ndi Tucson, ndipo nthambo zake zinkadutsa pamwamba pa nyumba zoyatsa nyali za parafini. Mpaka 2005, madzi abwino a pansi pa Black Mesa, dera la migodi ya malasha, ankakankhira malasha m'paipi mpaka ku Nevada. Tikulemba izi kuti wowerenga asaganize kuti luso loyala paipi m'chipululu kulibe.

2021

Zolowa

Cheke cha thandizo cha Navajo Nation: madola 1,350 munthu wamkulu, 450 mwana. Pofunika nambala ya kaundula wa fuko, ndipo anthu analembetsa mochuluka moti chiwerengero cha a Navajo chinakwera kuchoka pa 306,000 kufika pafupifupi 400,000. Chekecho chalipira ngongole ya maliro, batire la pikapu ndi nkhuni. Nkhosa zogulitsidwa zija sizinabwerere.

Katemera: ulere. Onse oyenera pakhomo pano abayitsa, mzere wake wa m'magalimoto. Miyezi yoyamba ya chakachi Navajo Nation inatsogola pa katemera kuposa madera ambiri a America. Atolankhani anabweranso, ochepa.

NGONGOLE ZIMENE ENA ALI NAZO KWA IFE

Wokongola: boma la United States. Tsiku: 1 Juni 1868, ku Fort Sumner, pamene Barboncito ndi atsogoleri anzake anasayina pangano ndi mkulu wa asilikali William T. Sherman, patatha zaka zinayi a Diné atayendetsedwa pansi mtunda wautali n'kutsekeredwa ku Bosque Redondo. Zimene ife tinapereka: nkhondo tinasiya, malo ambiri tinawataya, njanji tinailola kudutsa. Zaperekedwa zonse, pa nthawi yake. Zimene iwo analonjeza: sukulu ndi mphunzitsi pa ana 30 alionse, nkhosa ndi mbuzi 15,000, ndi dziko lokhalamo mpaka kalekale.

Zaumoyo: mu 2019 bungwe la boma la Indian Health Service linkagwiritsa ntchito madola pafupifupi 4,000 pa wodwala mmodzi pachaka, osakwana theka la zimene dziko lonse limawonongera munthu mmodzi. Theka linalo talipira m'masamba a Meyi ndi Juni. Mabanja ena alipiranso chimodzimodzi: mu 2023 imfa za mliriwu m'dziko la Navajo zinali zitapitirira 2,000.

Madzi: pa 22 Juni 2023, pa mlandu wa Arizona v. Navajo Nation, khoti lalikulu kwambiri la America linagamula, oweruza 5 kwa 4, kuti pangano la 1868 silikakamiza boma kuchitapo kanthu kuti a Navajo apeze madzi. Ufulu wa madzi tili nawo, khoti silinakane. Kungoti wowerengera kuti ndi ochuluka bwanji, ali kuti, ndipo afika bwanji pakhomo, si boma. Woweruza Neil Gorsuch ndi anzake atatu anatsutsa chigamulochi m'masamba ambiri. Mzerewu m'buku sitinaufufute, tangouchotsa pa zoyembekezeka chaka chino.

Zotuluka za sabata ya chigamulo: mgolo umodzi wayamba kudontha pansi, phula lomatira lagulidwa. Tayala lakumbuyo la pikapu latha, mtengo wake malume akafunsa ku Gallup.