Inshuwalansi ya zaumoyo kwa mlendo wofika kumene ku Angónia

Inshuwalansi ya zaumoyo ndi pangano loti munthu azipereka ndalama mwezi ndi mwezi akadali wa mphamvu zake, kuti tsiku limene wagwa pamphasa wina amulipirire kuchipatala. M'mizinda ikuluikulu panganoli limalembedwa papepala ndipo mwini wake amapatsidwa khadi. Ku Angónia, m'chigawo cha Tete ku Mozambique, pangano lofala kwambiri lili ndi miyendo inayi, limadya udzu ndipo limagona m'khola. Mlendo ayenera kudziwa mitundu yonse, chifukwa amayamba ndi kufunafuna wa khadi n'kukathera pa wa m'khola.

Mlendo wake ndi uti

Mlendo wa ku Angónia kawirikawiri sachokera kutali. Amakhala wa ku Dedza kapena ku Ntcheu, walowera pachipata cha Calómuè, mwinanso wangodumpha msewu wa M1 pa Lizulu. Malirewo adagwirizana ndi Angerezi ndi Apwitikizi mu 1891, Achewa ndi Angoni eni nthaka asadafunsidwe. Ena amadzagwira ganyu m'minda ya mbatatesi, fodya ndi soya, ena amadzapikula nyemba, ena amadzakwatira. Chilankhulo n'chimodzi, a Phiri ndi a Banda ali mbali zonse, moti munthu amazindikira kuti ndi mlendo pokhapokha akalowa mu ofesi n'kupatsidwa fomu ya m'Chipwitikizi.

Mlembi wa danga lino ali m'gulu lotsirizali, la akamwini. Adafika ndi khasu, jekete ya pakaunjika ndi chifuwa chomwe iye amati n'cha nyengo chabe. Maganizo a inshuwalansi amamufikira munthu wotere m'mwezi wa June, usiku, mphepo yochokera kuphiri la Domwe ikalowa m'bulangete. Maganizowa adakula kwambiri mu November 2023, pomwe kwacha idagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti. Ndalama zomwe mlendo adasunga m'chitini kuti zidzamuthandize pa matenda zidadwala iye asadadwale. Tsiku lomwelo mbuzi ya apongozi ake idadya bwino ndipo sidatsike ndi kilogalamu ngakhale imodzi.

Mapepala

Mmalawi wokhala ndi pasipoti amalowa mu Mozambique popanda viza n'kukhala masiku 30. Wofuna kukhazikika amafunika chiphaso cha alendo chotchedwa DIRE, chomwe chimaperekedwa ndi nthambi yoona zolowa ndi kutuluka ya SENAMI. Pambali pake pali NUIT, nambala ya msonkho, yomwe amaifunsa ku banki ndi polembedwa ntchito. Likulu la chigawo ndi mzinda wa Tete, makilomita oposa 200 kuchokera ku Ulónguè, kumene munthu wonyamuka atavala majekete awiri amakafika atatsala ndi malaya okha.

Mapepalawa amayenda mogwirana michira. Kampani ya inshuwalansi imafuna chiphaso ndi njira yodalirika yolipirira. Chiphaso chimafuna chifukwa chomveka chokhalira m'dzikomo, monga pangano la ntchito. Pangano la ntchito la mwini munda wa mbatatesi ndi kugwirana chanza ndi mawu oti "tidzaonana pokolola," ndipo mawu amenewa sadindika chidindo. Mtengo wa DIRE ukawerengedwa m'ndalama za kumudzi umakwana mbuzi zingapo. Choncho mlendo amagulitsa mbuzi kuti apeze pepala lomulola kugula inshuwalansi yomuteteza kuti asadzagulitse mbuzi.

Mtundu woyamba: wa kukampani

Mozambique ili ndi makampani a inshuwalansi, kuyambira EMOSE yomwe idakhazikitsidwa mu 1977 mpaka ena omwe si a boma, ndipo onse amayang'aniridwa ndi bungwe la boma. Ndondomeko za zaumoyo zimakomera kwambiri anthu a malipiro a pamwezi: a m'mabanki, a m'mabungwe, a kumigodi ya malasha ku Moatize. Nthawi zambiri bwana ndiye amalembetsa antchito ake onse pamodzi.

Wogula payekha ayenera kufunsa zinthu zitatu. Choyamba ndi nthawi yodikira, miyezi imene munthu amalipira koma saloledwa kudwala matenda ena. Chachiwiri ndi matenda omwe wabwera nawo kale, omwe makampani ambiri amawakana kapena kuwaikira mtengo wapadera. Chachitatu ndi mndandanda wa zipatala zolandira khadiyo, pakuti zipatala zolipira zikuluzikulu zili ku Tete, ku Beira ndi ku Maputo. Yemwe ali ndi khadi ya MASM ya ku Malawi afunse eni ake asanawoloke ngati imagwira ntchito tsidya lino. Alendo ambiri a ku Angónia vuto limeneli alibe, popeza khadiyo adangoiona m'chikwama cha msuweni wogwira ntchito ku Lilongwe.

Mtundu wachiwiri: INSS

Wolembedwa ntchito mwalamulo, ngakhale akhale mlendo, amalembetsedwa ku INSS, thumba la boma lomwe lidayamba ndi lamulo la 1989. Kumeneko kumapita 7 peresenti ya malipiro: 4 amapereka bwana, 3 wantchito. Thumbali limapereka kangachepe kwa wantchito amene walephera kugwira ntchito chifukwa cha matenda kapena uchembere, limapereka penshoni, ndiponso limathandiza pa maliro. Mankhwala a kufamase siligula. Lamulo la ntchito limatinso bwana akhale ndi inshuwalansi ya antchito ovulala pantchito.

Chovuta n'chakuti waganyu ambiri amalandira malipiro awo m'ndowa. Kuchotsa 3 peresenti pa ndowa ya mbatatesi n'kotheka, koma INSS ilibe nkhokwe.

Mtundu wachitatu: chipatala cha boma

Pa 24 July 1975, boma la Samora Machel lidatenga zipatala zonse kukhala za boma, ndipo kuyambira pamenepo chithandizo cha m'zipatala zazing'ono n'chotsika mtengo zedi. Kwa zaka zambiri mtengo wodziwika wakhala metikali imodzi yoonana ndi dokotala ndi mametikali 5 a mankhwala. Ku Angónia kuli chipatala chachikulu cha Ulónguè ndi zina zazing'ono monga cha Dómuè ndi cha Lifidzi. Matenda akakula wodwala amatumizidwa ku Tete. M'midzi muli alangizi a zaumoyo otchedwa APE, omwe amayeza malungo ndi kupereka chithandizo choyamba.

Mametikali 5 amagula mankhwala amene alipo. Zipatala za boma, mbali zonse ziwiri za malire, nthawi zina zimatha mankhwala, ndipo wodwala amatuluka ndi kapepala kopita nako kufamase yolipira. Pamwamba apo pali ndalama ya kabaza kapena ya minibasi, ufa ndi ndiwo za wodwazika, ndi masiku omwe khasu lagona. Zonsezi mitundu itatu yoyamba sizikhudza kwa munthu wamba. Apa ndi pamene pamalowera mtundu wachinayi.

Mtundu wachinayi: mbuzi

Kulembetsa kwake kumafuna chingwe ndi chikhomo. Zopereka za pamwezi ndi udzu, madeya ndi mwana mmodzi wosakonda sukulu. Nthawi yodikira ndi miyezi isanu, ndipo ikatha panganolo limabereka pangano lina, nthawi zina mapasa, zomwe palibe kampani idachitapo. Mbuzi sifunsa za chifuwa chomwe munthu wabwera nacho. Sifunsanso DIRE, chifukwa nayonso ilibe: imadya mmamawa ku Malawi n'kukagona ku Mozambique.

Ndondomekoyi ili ndi milingo. Nkhuku ndi ya chimfine ndi dzino. Mbuzi ndi ya malungo aakulu. Nkhumba ndi ya kugonekedwa. Ng'ombe ndi ya opaleshoni ku Tete, ndipo imafuna msonkhano wa banja lonse. Mlembi wa danga lino ali pa mlingo wa nkhuku, nkhukuyo ndi ya akazi ake, ndipo chaka chilichonse chitopa chikabuka kampani yake imatsekedwa.

Likulu la inshuwalansi ya mbuzi ndi apongozi. Mkamwini waulemu salankhula nawo maso ndi maso za chuma, choncho pempho limadzera kwa mayi a kunyumba, likakanika limapita kwa ankhoswe. Apongozi amafufuza okha ndipo funso lawo ndi limodzi: "Kodi bambo a kunyumbako dzulo adya mitanda ingati?" Ikakhala itatu, pempho lakanidwa. Ikakhala iwiri, akuti tione mawa. Ukakhala umodzi, amatumiza masamba a bulugamu oti afukize. Mbuzi imamasulidwa pokhapokha mkamwini akabweza nsima yonse, ndiwo zake zili nyama.

Pali zomwe ndondomekoyi silipira: matsire, mabala a pokangana pa bawo, ndi msana wopweteka m'nyengo yopalira yokha. Palinso ngozi za kampani yeniyeniyo, zomwe ndi fisi, akuba ndi munda wa eni. Mbuzi ikadya chimanga cha mnansi nkhani imapita kwa amfumu, ndipo chindapusa chake chimatha kukhala mbuzi ina, moti wotetezedwa ndiye amalipirira inshuwalansi yake mlandu.

Akale adati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Mbuzi za ku Angónia mwambiwu zikuudziwa, n'chifukwa chake sizikondwa wamba. Zimatchera khutu kunyumba, ndipo mkamwini akatsokomola kawiri zimasiya kudya. Ogula nawo amatchera khutu komweko. Akamva kuti pakhomo pali matenda mtengo umatsika pomwepo, chifukwa akudziwa kuti wodwazika alibe nthawi yonenerera. Chomaliza, panganoli limalipira kamodzi. Likalipira limasanduka kanyenya wa pamsika, ndipo wodwazika akhoza kugulako kachidutswa kuti wodwala apeze magazi.

Chomwe sichiseketsa

Pa nkhondo yomwe idatha ndi pangano la ku Rome pa 4 October 1992, anthu a ku Mozambique pafupifupi miliyoni imodzi adathawira ku Malawi. Ambiri a ku Angónia adakhala ku Dedza ndi ku Ntcheu, ndipo ana awo adabadwira m'zipatala za kumeneko. Mpaka lero odwala a m'malire amapita kuchipatala chomwe chili pafupi, osayang'ana mbendera ya pakhomo pake. Anthu adamvana kalekale. Otsalira ndi mapepala.

Zotsatira zake n'zakuti waganyu wopanda chiphaso amagona m'chisakasa thupi likutentha, kuopa kuti akakafika pawindo amufunsa zomwe alibe. Malungo osachizidwa amapha mwana m'masiku ochepa. Mbatatesi za ku Angónia zimadyedwa ku Tete, ku Beira ndi ku Lilongwe, koma manja ozikumba sadalembedwe m'kaundula aliyense, ndipo mwini munda amene amadziwa kuwerenga matumba mpaka lotsiriza amaiwala masamu ikafika 4 peresenti. N'zamanyazi kuti banja lizitaya chiweto chake chokhacho chifukwa cha mankhwala omwe amayenera kupezeka pa mametikali 5. Maboma awiri omwe amatha kugwirizana za njanji ya ku Nacala ndi za magetsi angathenso kugwirizana kuti kabuku ka kuchipatala ka mbali imodzi kazilemekezedwa mbali inayo, ndi kuti wodwala azifunsidwa za matenda ake poyamba, za kwawo pambuyo.

Zoyenera kuchita mlendo

Awoloke podzera pachipata chovomerezeka ndipo asunge bwino pasipoti yake. Atenge kabuku kake ka kuchipatala ndi makhadi a katemera a ana. Yemwe ali pa ma ARV, pa mankhwala a TB, a shuga kapena a kuthamanga kwa magazi apemphe kalata yosamukira kuchipatala chake chakale ndi mankhwala okwanira masabata oyamba, kenako akadzionetse kuchipatala chapafupi asanathe. Wolembedwa ntchito afunse bwana wake nambala ya INSS, ndipo afunse mwezi woyamba, chikondi chikadalipo. Wofuna khadi ya kukampani apeze wodziwa Chipwitikizi amuwerengere pangano lonse asanasaine. Alowenso m'chipereganyu kapena m'banki m'khonde ya pamudzi, kuti ndalama ya ulendo wa usiku isamadikire chigamulo cha apongozi. Koposa zonse, thupi likatentha, makamaka la mwana kapena la mayi woyembekezera, apite kuchipatala tsiku lomwelo, mapepala akhale okwana kapena osakwana.