Ndinaonera Rambo ndi diso limodzi

Anzanga a ku Blantyre akayamba kudzitama kuti ali ana ankaonera kanema ku Apollo, ine sindichita nawo nsanje. Nafenso ku Mponela tinali ndi holo yathu, kungoti makoma anali a mphasa ndipo mipando inali matabwa osanja pa njerwa.

Poyamba kanema ankachita kutipeza pa galimoto. Nthawi ya Kamuzu m'dziko muno munalibe wailesi ya kanema, paja TVM inadzatsegulidwa mu 1999. Ndiye galimoto yachikasu ya a zaulimi ikatulukira, mudzi wonse unkakhamukira pabwalo la sukulu kukaonera kathiridwe ka feteleza. Chimanga chikamera pa nsalu paja, ife m'manja phwaphwaphwa!

Matipate atabwera, mavidiyo anamera ngati bowa, kuyambira pa Mponela, Madisi mpaka Malomo ku Ntchisi. Ya kwathu inali ya banja limodzi. Bambo wake atagulitsa fodya ku okushoni ku Kanengo, anabwerako ndi sikirini, deki ndi kajenereta. Ntchito anagawana ngati kumunda: bambo pakhomo kutolera ndalama, mayi panja ndi mandasi ndi thobwa, mwana wamkulu pa jenereta, wamng'ono kulemba Rambo, Commando ndi Bruce Lee pa bolodi. Mphwawo amene analephera sitandade 8 kawiri ndiye ankamasulira Chingerezi. Mzungu akalankhula mphindi zitatu zathunthu, iye ankangoti, "Akuti uona."

Ine ndalama ndinalibe, koma diso ndinali nalo. Kuseri kwa holo ndinaboola kachiboo pa mphasa, ndipo pamenepo ndinaonera mafilimu chaka chonse. Vuto linali loti chiboocho chinkaonetsa mbali ya kumanzere yokha. Mpaka lero sindidziwa kuti Rambo ankawombera ndani. Ulemerero wanga unatha tsiku lomwe diso langa linakumana ndi chala cha mwini holo.

Ndinaganiza zolowa ngati munthu. Ndinabwereka mazira atatu pa nkhuku ya amayi, eni ake osadziwa, n'kukagulitsa. Ndinakhala kutsogolo penipeni, chifuwa chili nga nga nga. Ndewu itafika pokoma, Bruce Lee atalumpha m'mwamba, jenereta inatsokomola kawiri n'kuzima. Petulo watha. Tinakuwa kuti atibwezere ndalama zathu, koma bambo aja anangoti, "Mukudandaula chiyani? Akita safa. Kazipitani."

Popeza Bruce Lee sanatere, ndinati ndikamutsirizire ndewuyo kunyumba. Ndinasankha tonde wa amalume kukhala mdani. Tondeyo anali asanaonerepo filimu chibadwire, komabe ndi amene anapambana. Ndikudzuka m'fumbi, ndinapeza amayi ataima ndi mthiko, atamaliza kuwerenga mazira.

Kenaka kunabwera mafilimu a ku Nigeria, azimayi nawo n'kuyamba kulowa kudzatukwana apongozi oipa. Kunabwera dishi, holo n'kusanduka bwalo la mpira wa ku England. Lero kanema ali m'thumba. Mwana wanga amaonera pa foni, atatseka makutu, n'kumaseka yekhayekha ngati wadwala. Ife munthu mmodzi akaseka, holo yonse inkaseka, ndi wa pa chiboo yemwe.

Mwezi watha ndinadutsa pamalo paja. Panamangidwa nyumba ya njerwa yogulira soya. Pakhonde panali gogo wa ndodo, amene anandiyang'ana nthawi yaitali n'kunena kuti, "Iwe, si wa chiboo uja?" Ndinayesa kukana, koma anati diso lakumanja analizindikira. Anawerengera mafilimu a chaka chonse, n'kundichotsera theka poti ndinkaona mbali imodzi. Ndinalipira ndi thiransipoti yanga, ndipo ndinabwerera wapansi.

Inu amene munaonerapo vidiyo pa chiboo, mukamadutsa pa Mponela muzitenga kangachepe m'thumba. Eni ake akadali moyo, ndipo mlandu suwola.