Uwende Ndimaudziwa, Magazi Ayi

Kwathu kwa Mwase, mbuzi ikafunika kuphedwa pamaliro kapena paukwati, amaitana ine. Ndiye mwana wanga wamkazi wa Giredi 10 atandiuza kuti m'buku lake la Biology magazi ali m'gulu limodzi ndi mafupa, chicherewecherewe ndi mafuta a m'thupi, gulu lotchedwa connective tissue, ndinaseka mpaka kutsamwa. Ndinati amene analemba bukulo sanagwirepo mpeni. Fupa limathyola dzino, magazi amayenderera pansi, ubale wake uli pati? Ndinafika polumbira kuti ndikwera njinga mpaka ku Lundazi boma kukawongola aphunzitsi. Amayi a mwanayo anangoti, "Pitani, koma manyaziwo mukawasenze nokha."

Mwanayo sanakweze mawu. Anati m'gululi salowa chifukwa cha kulimba. Pakhungu maselo amathithikana, koma m'gulu ili amakhala motalikirana, atazunguliridwa ndi chinthu china chokhala ndi ulusi. M'fupa chinthucho n'chouma gwa chifukwa cha kashiamu. M'magazi ndi madzi achikasu otchedwa plasma, pafupifupi 55 peresenti ya magazi onse. Mwana akamaumbika m'mimba, fupa ndi magazi zimachokera ku mtundu umodzi wa maselo. Anawonjezanso kuti maselo ofiira amapangidwa m'mafuta a m'kati mwa mafupa, amakhala masiku pafupifupi 120, fupa n'kutumiza ena. Mafuta omwe aja ndimalimbirana ndi agalu!

Ndinakakamirabe. "Wanena kuti gululi limakhala ndi ulusi. Undionetse ulusi m'magazi."

"Adada, mukamatakasa magazi a mbuzi ndi kamtengo, chimakanirira kukamtengoko n'chiyani?"

Kukamwa kunauma. Tizingwe tija ndakhala ndikutipukutira paudzu kuyambira ndili mnyamata, osafunsa kuti tachokera kuti. Kani ndi puloteni yotchedwa fibrinogen, yopangidwa m'chiwindi, imene imayenda yosungunuka m'magazi. Mtsempha ukadulidwa imasanduka ulusi wa fibrin, ulusiwo n'kukola maselo, magazi n'kuundana. Ndi umene umatseka bala khasu likakutema kumunda wa nsawa, ndi womwewonso umalimbitsa magazi m'mbale ndisanawaike pamoto kuti akhale uwende.

Choipa n'chakuti ndinali nditalengeza kale pabawo kuti mabuku a ana athu ndi abodza, anzanga onse n'kuvomereza poti wanena ndi katswiri wa mbuzi. Mpaka lero sindinawauze zoona, ndipo mmodzi wayamba kale kukalipira mdzukulu wake kuti asiye kuloweza zopusa.