Kompyuta ya mphwake yakana kuwabera amalume

Mudzi wa mlembi wanu uli m'mbali mwa mpanda wa nkhalango ya Kasungu, panjira yopita ku Lifupa. Kumeneko anthu amaopa zinthu ziwiri: njovu, zomwe zinachuluka chibwerereni zina 263 kuchokera ku Liwonde mu 2022, ndi chikalata chochokera ku okushoni ya Chinkhoma. Njovu imakudyera chimanga uli m'tulo. Chikalatacho chimakudyera fodya uli maso, mitengo ili m'madola ndi masenti, mizere ya zodulidwa ikutsetsereka mpaka pansi pa pepala.

Chaka chino mkuluyu, mlembi wanu, anati zakwana. Ali ndi mphwake, mwana wamkazi wa mlongo wake, amene akuphunzira zolemba mapulogalamu a kompyuta ku Lilongwe. Poti fizi ya mwanayo inkachokera m'chigafa cha amalume akewo, nthawi yokolola inali itafika.

"Iwe, undipangire kanthu kondiwerengera ndalama za mabelo anga m'makwacha. Ndikamachokera kudimba ndikapeze katatha."

Pobwera anapeza mwana ali phee pakhonde, laputopu pamiyendo, batire la sola likulira kuti latsala pang'ono. Pagalasi panali mizere yofiira yokhayokha.

"Katha?"

"Sindinakayambe, malume. Ndayamba ndalemba zokayesera."

Mlembi wanu anakhala pansi n'kuyamba kuwerengetsera mumtima kuti fizi ija ikanagula ng'ombe zingati. Munthu angayese bwanji chinthu choti sichinabadwe? Koma mwanayo anafotokoza mwaulemu, ndipo zinali zomveka, ngakhale amalumewo sanafune kuonetsa. Venda akabwera ndi sikelo yake kudzagula soya, wochenjera amayamba wapachikapo paketi ya shuga ya kilogalamu imodzi. Muvi ukaloza pena, thumba silikwera. A makompyuta amachitanso zomwezo, ndipo amazitcha unit test: amatenga kachidutswa kamodzi ka pulogalamu, n'kukapatsa funso lomwe yankho lake akulidziwa kale. Belo la makilogalamu 100 pa mtengo wa $2 liyenera kutulutsa $200. Kakayankha choncho mzere umabiriwira, kakaphonya umafiira. Akasintha kalikonse mawa, mayeso onse amayendanso okha m'kuphethira kwa diso. Chida chotchuka chochitira zimenezi, JUnit, anachilemba Kent Beck ndi Erich Gamma mu 1997 ali m'ndege. Anzathu m'ndege amagwira ntchito. Mlembi wanu akakwera minibasi ya ku boma amangogwira chipewa.

Chomwe chinamupweteka kwambiri n'chakuti mwanayo sanayambire pa fodya. Ankalemba tizida tating'onoting'ono: kosintha madola kukhala makwacha, kodula maperesenti, kokonza matambala otsalira, koika ziro kutsogolo kwa nambala ya belo. Akuti tizida totere amatisonkhanitsa pamodzi n'kutitcha library, kuti tidzagwirenso ntchito pa soya, pa chimanga, ngakhale pa buku la banki m'khonde la amayi ake.

Apa mpamene mkuluyu anaona poonetsera nzeru. "Masamu a Sitandade 3 amenewa n'kuwayesanso? Kompyuta ingalephere kuphatikiza?"

Mwanayo anangolemba 0.1 + 0.2 n'kutembenuza laputopu. Yankho linali 0.30000000000000004. Amalume anapukuta magalasi, kenaka anapukuta galasi la laputopuyo ndi mkono wa malaya, koma 4 wa kumapetoyo sanachoke. Akuti kompyuta imasunga manambala ndi 0 ndi 1 basi, ndiye tizigawo tina sitikwana ndendende. N'chifukwa chake odziwa ntchito amawerengera ndalama m'matambala athunthu.

Mafunso a mwanayo anali a munthu wokonda maliro. Nanga belo likabwezedwa chifukwa mwapezeka pulasitiki? Nanga wina akalemba makilogalamu 0, kompyuta n'kuyesa kugawa ndi ziro? Nanga kwacha ikagwa? Limeneli mlembi wanu sanatsutse, pakuti mu Novembala 2023 kwacha inatsitsidwa ndi 44 peresenti, dola n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Pulogalamu yomwe inakhomerera mtengo wakale m'kati mwake inayamba kunama tsiku lomwelo osachita manyazi.

"Bwanji osangobwereka za anzako pa intaneti?" Funso limeneli linachokera kwa mlembi wanu, katswiri wobwereka, munthu amene sanagulepo jeke yodindira mabelo chiyambire ulimi.

Kubwereka amabwerekadi, dziko lonse. Ngakhale makina ogwira pagalasi olembera odwala amene bungwe la Baobab Health linaika m'zipatala za m'dziko muno, ku Kamuzu Central ndi kwina, anamangidwa pa zida zaulere zolembedwa ndi ena monga Ruby on Rails. Koma chobwereka chili ndi mwini wake. Mu Malichi 2016, mkulu wina dzina lake Azer Koçulu anakangana ndi eni ake a npm, nkhokwe ya tizida ta JavaScript, pa nkhani ya dzina loti kik. Atapsa mtima anachotsamo zake zonse. Pakati pa zimenezo panali left-pad, kachida ka mizere 11 yokha, kongoika ziro kapena mpata kutsogolo kwa mawu, monga 7 kukhala 007. Mapulogalamu zikwizikwi anakanika kumangika, kuphatikizapo odalira React ya Facebook, mpaka a npm anakabwezeretsa patangopita maola ochepa. Tizinthu tating'ono tinapwetekanso a NASA, amene anataya chombo cha m'mlengalenga cha Mars Climate Orbiter mu Sepitembala 1999 chifukwa gulu lina linkawerengera m'mapaundi, lina m'miyezo ya metiriki. Mlembi wanu atamva zimenezi mtima unakhala m'malo: kusokoneza miyezo si matenda a ku Lifupa kokha.

Mizere yonse itabiriwira, mwanayo analowetsa mabelo, ngongole ya feteleza, ndalama za galimoto, za ziguduli ndi za anyamata aganyu. Yankho linatuluka lili ndi kamzere kutsogolo.

"Kamzereka n'kokongoletsa?"

"Ayi malume, n'kosonyeza kuti mwalowa m'mbuyo."

Mkuluyu analamula kuti pulogalamu ikonzedwe msanga. Mwanayo anayendetsanso mayeso, onse obiriwira. Mkuluyu anapempha kuti ngongole ya feteleza ichotsedwe kaye poti mwini wake ndi m'bale. Mwanayo anati palinso mayeso oletsa zimenezo, anawalemba dala poti amalume ake amawadziwa. Amayi a kunyumba, amene buku lawo la pansi pa matiresi linanena zomwezo kalekale popanda batire, sananene kanthu. Anangofunsa mwanayo ngati kachida kameneko kangalowe mu foni yawo.

Choncho owerenga amene muli ndi pulogalamu yosayesedwa, yomvera akuluakulu, yotulutsa phindu ikauzidwa, mutumize uthenga kudzera kwa mkonzi wa nyuzi ino nyengo yofesa nazale isanafike. Mlembi wanu adzabwereka, kugula ayi.